Makabati a Utuchi

Lolemba, 3 Malichi
Sitolo ya kutsidya kwa msewu ija yatsegulidwa. Makabati onyezimira, mtengo theka la wanga. Ndinalowa ngati wogula. Kugogoda chitseko cha kabati imodzi: phu phu. Utuchi womata ndi guluu, pamwamba akuta ndi pepala looneka ngati thabwa. Utuchi womwewu umene ine ndimasesa n'kukataya! Anthu ali piringupiringu, kusisita, kuyamikira. Zonyansa.

Lachinayi, 6 Malichi
Aphunzitsi aja anandiuza kuti ndiwapangire tebulo akuti sakulifunanso. Matabwa ndinadula kale. Akuti, "Zanu n'zolimba, bambo, koma kulimbako sitidya." Aphunzitsi athunthu!
Matabwa akweranso mtengo. Tsiku lonse ndakonza mwendo wa mpando umodzi, basi.

Lamlungu, 16 Malichi
Alamu anabwera ndi nzeru zawo. "Anthu akufuna zonyezimira, apatseni zonyezimira." Munthu woti macheka sadziwa kogwira. Mayi a ana maso pansi. Bola akanandikalipira.

Lachitatu, 2 Epulo
Ndagula. Matabwa a utuchiwo, asanu ndi limodzi, ndinalowa nawo cha kuseri kuti anzanga asandione. Msomali ukulowa ngati m'buledi. Fumbi lake lonunkha mankhwala, mpaka pano lili pakhosi. Kabati ya masabata awiri yatha tsiku limodzi. Zaka makumi awiri ndi zitatu za ukalipentala, mathero ake kumata mapepala.

Loweruka, 5 Epulo
Kabati zitatu zapita, osanenerera n'komwe. Kunyumba kuseka kwabwerera, ana agulidwa nsapato. Ine chakudya sichikutsika.

Lachiwiri, 15 Epulo
Kunabwera anamwino opuma ntchito aja, amene ndinawapangira bedi ndikungoyamba kumene. Akuti akugonabe pomwepo. Mwana wawo wamkazi akulowa m'banja, akufuna kumugulira kabati. Analoza yonyezimirayo. Sanatsegule ngakhale chitseko. "Za kwa inu sitifunsa, mwanangu, zimakhalitsa."
Ndinati ee. Pakamwa pangapa. Ndinawathandizanso kukweza pa galimoto.
Pochoka akuti nyumba ya mwanayo pansi pamachita chinyezi, n'chifukwa chake sanafune za kutsidya. Miyezi itatu sidzatha, kabatiyo idzatupa, zitseko zidzagwa.
Kwawo ndimakudziwa. Mawa m'mawa ndipita ndikawauze.
Kapena mkuja, ndikamaliza ziwiri zatsalazi.