Mphatso wandikana paphiri

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Miyendo ya amayi ili bwanji? Kuno ku Smethwick matupi ali bwino, koma mtima wanga ukuwira.

Holide ndinkakuuzani ija tinapitadi, kumudzi wina wa m'mapiri ku Austria. Tsiku lina ine ndi Mphatso tinakwera phiri ndi gulu la alendo anzathu. Bambo ake anatsala kuhotelo chifukwa cha bondo. Ndinamanga chitenje pamwamba pa thalauzi, n'kumakwera wefuwefu. Titafika pamwamba, nditaona chipale chofewa chili mbee, ng'ombe zamabelu zikudya msipu kumunsi, ndinalephera kudzigwira. Ndinayamba kuimba nyimbo yotamanda Mulungu.

Mphatso anaima chapatali ndi anyamata awiri achizungu. Mmodzi anamufunsa kuti, "Akuimbawo ndi mayi ako?" Achemwali, ndinamva ndi makutu angawa mwana wanga akuyankha pa Chingerezi chakecho kuti, "Ayi, sindikuwadziwa." N'kuseka nawo limodzi!

Kukana ine, amene ndimasambitsa odwala kuchipatala kuti iyeyo avale jombo anakwerera phirizo! Potsika sindinamuyankhule. Kuhotelo akuti, "Mum, zinali zocheza." Ndinamuuza kuti mayi sakanidwa mocheza.

Bambo ake akuti n'chibwana. Chibwana chanji munthu wayamba kumera ndevu?

Chonde, Lamlungu ndikaimba foni muyankhule naye, poti inu amakuopani. Musamunyengerere. Mumufunse kuti ngati ine sakundidziwa, anabadwa kwa yani.

Amayi muwapatse moni, koma izi musawauze. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Elube