Wotchi yobiriwira ya alamu

Lachinayi, Epulo wa mliri. Tsiku lolemera ngati mvula yokana kugwa.

Chionetsero cha mawotchi odula cha ku Ulaya achiimitsa kaye, ndiye makampani opanga mawotchiwo akungoonetsa atsopano pa foni: nyimbo, kuwala, mkono wopanda mwini. Ndimaonerako kuti ndidziwe zimene sindidzagula.

Masana ndinali kwa mchemwali wanga Linda. Amuna ake, a Dikisoni, ejenti wa katundu pa boda, atulukira atavala wotchi yobiriwira yomwe ndinaiona pa fonipo posachedwapa.

Ndinawaseka: "Alamu, anyamata okopera mawotchi odula aja afulumira bwanji! Ifika Loweruka ikuyenda?"

Sanaseke. Angoivula n'kundipatsa. Yolemera, yozizira, yeniyeni. Akuti awapatsa bwana wina wa mathiraki wa ku Tete, osapempha kanthu.

"Osapempha kanthu?"

"Akuti tidzakambirana thiraki ina ikadzafika."

Palibe amene amakuveka mtengo wa nyumba pamkono chifukwa choti umasaina mokongola. Linda akuyesa kuti ndi ya pamsika, anaseka nane limodzi. Ndikamuuza, ndasokoneza banja. Ndikakhala chete, tsiku limene thirakiyo idzaime pa geti la boda ndi katundu wozembetsa, mapepala ali m'dzina la alamu...