Miting'i ya Chithokomiro Changa

Ba Chansa,

Musanisakile, nayenda kuchipatala nekha. Sininafune kukuutsani.

Ba dokota banakamba njira ziwiri chabe za khansa iyi ya chithokomiro cha pakhosi. Bangachotse hafu, koma mwina nizabwereranso kumpeni, olo bachotse chonse, nizimwa kapilisi tsiku lililonse moyo wanga wonse. Koma pa miting'i ya banja dzulo njira zinafika seveni. Ba malume Mpundu bakuti chonse, chifukwa kubutchala kwawo ku Chawama sibasiya vinthu hafu. Ba anti Sophie bakana mpeni, ati chipsera pakhosi chizathamangitsa amuna, monga kuti pali mzere pageti pathu. Ba pasita banabwera na mafuta odzozera. Ba kazeni Webster banabwera na namba ya munthu wa ku Marapodi amene anachiritsapo mbuzi yotupa khosi. Banavota kawiri. Ine bananituma kuphika tiyi.

Mudziwa kuti pagulu mawu sanituluka. Koma nalemba mafunso asanu kumbuyo kwa buku langa la sayansi la Giredi 12, ndipo loyamba nichita nalo manyazi: nizaimbanso mukwaya? Niyopa, ba Chansa. Nifuna nimve kwa ba dokota bwinobwino, nisankhe nekha.

Ba malume na gulu lonse bazabweranso na 10 koloko. Bapatseni mipando, shuga ili mu kachigubu kobiriwira. Pepani natenga nsapato zanu zakuda, zanga zikali zonyowa.

Bakafunsa kumene nili, bauzeni zoona. Nkhani nabasiyira, khosi ndiye napita nalo.

Mng'ono wanu,
Lushomo