Ampulifaya ya Atate Yalowa m'Tchalitchi

Kalingalinga, Lusaka
18 Juni 2023

Okondedwa ba Nkandu,

Ndikhulupirira muli bwino ku Solwezi ndipo fumbi la kumgodi silinakumalizeni. Musadabwe kuti mlongo wanu walemba kalata foni ilipo. Ndimakudziwani, nkhani ikangofika pa atate, netiweki yanu imavuta pompo.

Ampulifaya ya wailesi ija munapanga ndi atate muli kusekondale yayamba misala. Atate akangoiyatsa, singano ya mita imadumpha yokha asanalankhule n'komwe, valavu, kababu kagalasi kam'kati kaja, n'kufiira ngati khala. Anzawo a pawailesi a ku Ndola ndi ku Bulawayo akudandaula kuti mawu awo akubwera ophwanyika, ndiponso akusefukira m'malo olankhulira ena.

Zimenezo n'zazing'ono. Lamlungu lapitalo mawuwo analowa m'masipika a tchalitchi cha Pentekositi chili kuseri kwa mpanda wathu. Abusa anali atangouza anthu kuti akhale chete, Mulungu alankhule. Pomwepo panamveka mawu aakulu a mwamuna akufunsa ngati alipo amene akumumva. Akuti ena anagwa pansi, ena analira, mpaka ba Norah ogulitsa makala anazindikira mawu a atate nati, "Si mungelo uyo, ni ba Mutale ba kuseli."

Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma kusekako kunatha madzulo. Ba Kafula, eni nyumba yathu, ndi mkulu wa mpingo womwewo. Anabwera mwaulemu ndithu n'kunena kuti zikapanda kukonzeka mwezi uno, mlongoti wa eriyo utsike. Mukudziwa kuti chimwalirire amayi, atate sacheza ndi munthu kupatula anthu a m'wailesimo. Akawalanda imeneyo ndikuopa kuti azingokhala pakhonde kudikira tsiku lawo.

Sabata yonse atate akhala akusaka vuto. Poyamba mlandu unali wa owotcherera zitsulo a pamsewu, koma tsiku limene iwo sanagwire ntchito misala inali yomweyo. Anachotsa eriyo n'kulumikiza chitini chawo cha mafuta choyesera chija, singano osaleka kuvina, ndiye anavomereza kuti matenda ali m'kati. Anasintha valavu. Anandikumbitsa dzenje lokhomeramo chitsulo china cha waya wapansi, matuza ake ndikali nawo. Lachinayi ndi pamene anakapeza: karezisita kozengedwa waya pamutu pa valavu, kamene amati kamaletsa makina kudziimbira okha. Kapsa, kang'ambika pakati.

Ndinasangalala kuti basi zatha, popeza katsopano anali nako kale m'kabati. Koma ba Nkandu, ndinaimirira pakhomo n'kuona zimene akhala akutibisira. Manja a atate akunjenjemera. Wayayo ankawapulumuka, chowotcherera chinkapita kwina, mtovu n'kudonthera pabuluku. Anadziwotcha chala osadandaula. Atandiona anaphimba zonse ndi nsalu n'kunena kuti mawaya a masiku ano ndi achabechabe. Ndinavomera kuti eya, ndi achabechabe, n'kukalirira kubafa.

M'mawa mwake ndinawauza kuti ndiitana ba Desmond okonza ma TV kumsika. Anakana kwamtuwagalu.

"Muli malaiti yakupaya muntu umu," anatero, kunena magetsi ake. "Wamene aiziba mashini iyi ni umozi chabe."

Dzina sanatchule, ndipo simungayembekezere kuti atchule. Ndikudziwa mawu amene anakuuzani tsiku lija munasiya koleji n'kusankha mgodi, ndinalipo. Anali mawu oipa, ndipo sindikuwaikira kumbuyo. Koma nonse awiri ndinu ouma mutu mofanana, ndipo ine wokhala pakati ndatopa. Ndakusowani, pemphani tchuthi mubwere mwezi usanathe.

Akupatsani moni ba Chipo a nyumba yoyandikana, ati mwana wawo amene munamusiya akukwawa tsopano ali kusukulu. Ba Norah ati mubwere mudzatulutse chiwanda m'masipika.

Atate andipeza ndikulemba ndipo afunsa kuti kalatayi ikupita kwa yani. Ndawauza kuti ndi yanu. Alowa kuchipinda, abwera ndi karezisita kopsako atakakulunga m'pepala, ati ndiikemo, mwini wake akazindikira. Ndawafunsa ngati ndilembe moni wawo, ati ayi. Pano ndikumaliza, ndikuwamva m'chipinda chanu chija akutsitsa mawailesi akale onse anadzaza pabedi panu.

Ndine mlongo wanu,
Luyando