Mphalapala ya bambo

Lolemba, 3 Juni

Bambo atuluka m'chipatala, anadwala sitiroko. Dzanja lamanja lende, pakamwa popindika. Tawagoneka m'chipinda changa kuno ku Warren Park, ine pabalaza. Nesi anati tiziwaonetsa zinthu, azitchula. Ndawaonetsa kapu. Angoyang'ana. Supuni, chimodzimodzi. Ndadziloza ndekha: Doris, mwana wanu. Atembenukira kukhoma.

Lachinayi, 6 Juni

Kuzizira. Magetsi kulibe. Mlamu wanga Shamiso wayesa kuwalankhula Chishona, zii. Munthu amene ankalalikira m'zinenero ziwiri.

Masana ndimawaonetsa zithunzi za ukwati umene ndinajambula ku paki ya nyama ya ku Chivero. Kumbuyo kwa akwati kunadutsa kanyama kofiirira. Bambo anagwira kamera ndi dzanja lamanzere. "Nswala." Liwu loyamba chidwalire. Ndinathawira kumpopi, asaone nkhope yanga.

Loweruka, 8 Juni

Ndinali nditaiwala. Pafamu ija ya ku Chegutu, tisanathamangitsidwe, bambo ankayendera mpanda wa nyama. Ine ndinali kamwana, ndimangokumbukira nkhupakupa m'masokosi mwawo.

Lero kunali kitchen party ku Waterfalls. Ndakana kukajambula, ndapita ku Chivero kukasaka zithunzi za nyama. Kombi, minibasi ya kuno, mpaka pamphambano, kenako wapansi, kenako galimoto la alonda a paki. Lenzi yanga ndi ya maukwati, siifika patali. Nyama sizimva zoti tayang'anani kuno.

Lamulungu, 9 Juni

Ndawaonetsa zithunzi za dzulo, atchula nyama zitatu. Ya nyanga zopotana, mizere yoyera m'nthiti: "Ngoma." Yaikulu ngati ng'ombe: "Ntchefu." Shamiso anawomba m'manja, akuti imeneyo m'Chishona ndi mhofu, chiwongo cha kwawo. Kakang'ono kothawa m'udzu, chithunzi chosaoneka bwino: "Gwape."

Kenako anakweza dzanja, kulipinda cham'mbuyo pamwamba pa mutu. "Mphalapala." Kubwereza mpaka kutopa. Chithunzi chake ndilibe.

Ine sananditchulebe.

Loweruka, 15 Juni

Tsiku lonse ku paki. Nswala, nswala, mbidzi. Mlonda akuti mphalapala zilipo koma n'zochepa, zimakonda kubisala. Yakuda, nyanga zazitali. Ndabwera ndi fumbi lokha. Mankhwala a BP atsala pang'ono kutha, ukwati wina ndaukananso. Achimwene a Clemence pafoni: "Ukuthamangitsa nyama, anthu adya zithunzi?" 

Loweruka, 22 Juni

Ndaipeza. Kutali, m'mabango, yakuda, nyanga pamwamba pa udzu. Foni inayamba kunjenjemera m'thumba. Ndinaisiya. Ndinajambula mpaka nyamayo italowa m'tchire.

Anali Shamiso. Bambo agwa m'bafa, sitiroko yabweranso.

Lachiwiri, 25 Juni

Wodi ya amuna, bedi la pazenera. Sakudya. Maso otseka nthawi zambiri. Dokotala waitana a Clemence pambali, ine ndamva ndithu: chiyembekezo n'chochepa. Chithunzi ndachitsukitsa m'tauni, chachikulu. Chili m'chikwama. Ndikuopa kuchitulutsa, sindikudziwa chifukwa.

Ndikanayankha foni ija sizikanasintha kanthu. Onse akutero.

Lachinayi, 27 Juni

Anatsegula maso nthawi ya alendo. Ndinachiika pafupi ndi nkhope yawo. Ndapeza mphalapala yanu, bambo. Anayang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pa nyanga, mpaka kumbuyo kwa nyamayo. Pakamwa panayamba kugwedera. Ndinayesa akulira.

Amaseka.

"Ameneyu ndi nakodzwe. Taona mkombero woyera kumatakoku. Nyanga zapita kutsogolo. Iwe mwana iwe."

Zonsezo, mosapumira, a Clemence ali pomwepo. Wodwala wa bedi loyandikana anafunsa chimene chikuseketsa. Palibe anatha kumufotokozera.

Lachisanu, 28 Juni

Amwa phala pang'ono. Dokotala sanasinthe mawu ake. Shamiso akhala nawo mawa, ndipo foni ndiyankha ikangolira, nyama ithawe ngati ikufuna. Batire ndatchaja kwa aneba. Potsanzika bambo anandikoka mkono wa juzi, kuloza pakhomo. "Bwerera."

Kombi yoyamba ya njira ya ku paki imanyamuka kusanache.