Wondigwirira Nkhata ya Denga

Wokondedwa mlongo wanga Sodnom,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa mlamu wanga Tsermaa ndi wa ana. Chifuwa cha utsi wa mumzinda wanu wa Ulaanbaatar chija chinamusiya wamng'onoyo? Ine ndilipo, nkhosa zanenepa, ngamila zikuyenda. Ndalemba kalata chifukwa foni imagwira ndikakwera phiri, ndipo ndikakwera iwe umati uli pa chiwongolero cha lole ya malasha.

M'chigwa muno ndatsala ndekha. A Bavuu, anansi athu omaliza aja, anagulitsa ziweto n'kupita kukalondera ku mgodi wa malasha. Potsanzika amvekere iwo akukagona pabedi ngati bwana, ine nditsale ndikwatiwe ndi mmbulu. Ndinawayankha kuti bola mmbulu, sungasinthanitse kavalo ndi yunifolomu. Tinaseka, koma lole itazimiririka ndinalira, ndisakunamize.

Mimbuluyo yandisautsa. Chimangireni mpanda wa waya m'mbali mwa njanji agwape sadutsanso, ndiye idya chiyani? Sindidana nayo, paja atate ankati nayonso ili ndi gawo lake m'dziko lino. Koma tsopano ikubwera masanasana. Sabata yatha inapha Baavgai. Galu wokalamba uja anaima yekha pakati pa iyo ndi nkhosa. Ndinakamugoneka pamtunda monga timachitira, mchira nditaudula n'kumutsamiritsa kumutu, mafuta m'kamwa, kuti akabadwenso munthu.

Pano ndi pambalambanda, ulinso mboni. Ndiyenera kusamukira kukhola lathu la kuseri kwa thanthwe chipale chofewa chisanagwe. Kuphwasula nyumba yathu ya hema ija ndikhoza, kusenzetsa ngamila ndikhoza. Nanga kuimika? Wina amagwira mizati, nkhata ya denga, yamtengo yotulukira utsi ija, ili m'mwamba, wina n'kumalowetsa mapaso. Manja ndili nawo awiri okha, Sodnom.

Dzana ndinayeserera pa kanyumba kosungira katundu, mizati nditaikunga ndi zingwe. Kamphepo kungoti pang'ono, zonse pansi khu! Nkhata ya atate sindingaiseweretse choncho. Inada ndi utsi wa agogo, wa atate, wa tiyi yense amene anakulera, ndipo ndi yako iwe mwana wotsiriza. Ine ndikungokusungira. Mwezi watha kunabwera mwini malo ogona alendo, akuti ndimugulitse akaikoloweke podyera azungu. Munthu wake wosadziwa n'kulonjera komwe, anangoliza hutala pakhomo. Ndinamupatsa tiyi n'kumuonetsa njira.

Ndikuuze chinthu, usandiseke. Chichokereni a Bavuu palibe wafika pano n'kukuwa ali pakavalo kuti gwirani galu, monga achitira mlendo aliyense. Tsiku lina, Baavgai akadali moyo, ndikuchokera koweta ndinaima chapatali n'kukuwa ndekha pakhomo panga pomwe. Ndinadikira ndithu ngati wina atuluka. Galuyo anangondiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Ndasungulumwa, mlongo wanga.

Sindikuti ubwerere kuno, ndikudziwa ana ali pasukulu. Ndikupempha tsiku limodzi lokha. Bwana wakoyo umuuze kuti malasha saola. Udzagwire mizati, ine ndilowetse mapaso, umwe tiyi, uzipita.

Ukalephera undiuze mosabisa, ndigulitse nkhosa mimbulu ndi chisanu zisanagawane. Nkhata ndidzakubweretsera pa lole. Koma m'kachipinda kako kosanjikana ndi anzako, utsi wake udzatulukira kuti?

Undiperekere moni kwa Tsermaa, ana uwanunkhize pamutu m'malo mwanga. Thambo likusunge pamsewu, mawilo ako asaterereke.

Ukamafika usalize hutala, chonde. Galu womugwira kulibe, ndikudziwa. Koma ukuwebe.

Ndine mlongo wako,
Ichinkhorloo