Mbewu ya chidede chanu

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno ku Msumba tilipo. Mdzukulu wanu Luiza wabereka mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yomwe. Chinangwa chachita bwino, koma usipa chaka chino wavuta.

Nkhani yanga ndi ya chidede chanu chakuseri kwa nyumba, chija munabwera nacho kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Inu munkangodya masamba ake ngati ndiwo, koma masiku ano timamwa. Ndimathyola zofiira zija, kuchotsa kathumba ka njere kam'kati, n'kuanika masiku atatu. Ndikawiritsa pang'ono ndimasefa pa kansalu, kuthira shuga ndi ndimu, basi m'magarafa, m'mabotolo muja. A Mwanaisha oyandikana nafe ali ndi jeleira, firiji ija, ndiye amandiikira kuti chizizire. Poyamba ndinkaziziritsa ndi jelo, madzi oundana a asodzi aja, koma chinkanunkha nsomba. Apongozi anu okha, amuna angawa, ndiwo ankamwa, poopa pakamwa panga.

Pa ubatizo wa khandali ndinafuna kuti anthu andione. Ndinathyola chidede chonse chisanakhwime, njere zake zaziwisi n'kutayira mbuzi. Anthu anamwa nayamikira. Inu munkasiya mitengo itatu kuti iume ikhale ya mbewu, ndipo ndinkakuonani chaka ndi chaka, koma ine sindinasiye ngakhale umodzi. Mbewu ya chaka chatha ndinabzala yonse. Mvula ili pafupi, ndilibe ndi njere imodzi yomwe. Ku Metangula amagulitsa, koma n'chotuwa, si chanu ayi. Ndinalira, amayi.

Amene ali ndi mbewu yanu ndi mmodzi yekha: alamu anga a Rosa, akazi a achimwene Yohane, ku Lunho. Tsiku lija munkawapatsa ine ndinanyinyirika, inu n'kungoti, "Kupatsa n'kuika."

Tsono pali zimene simukuzidziwa. Ine ndi a Rosa sitilankhulana chichokereni inu padziko pano. Pogawana zovala zanu, nsalu yanu yakutchalitchi inasowa, ndipo ndinanena pamaso pa abale kuti atenga ndi iwo. Iwo anangonyamuka n'kumapita. Patatha mwezi nsaluyo ndinaipeza pansi pa dengu langa lomwe. Ndinaibisa n'kukhala chete, ndipo zaka ziwiri zatha chomwecho. Manyazi andidya.

Ndikanatuma Luiza, bwenzi atampatsa mbewuyo, pakuti a Rosa si munthu womana. Koma ndikudziwa mmene mukanandiyang'anira.

Loweruka ndipita ndekha. Ndanyamula kale nsaluyo, ndipo ndikaitulutsa achimwene ali pomwepo, n'kunena kumene ndinaipeza. Za mbewu ndikatchula pambuyo, ngati a Rosa adzakhale atandipatsa mkeka. Akakakana, chidede chanu chikhala kwa amene anachisunga, ndipo sindidzadandaula.

Ndimakukondani, amayi, ndipo Loweruka limeneli sindibwerera panjira.

Ine mwana wanu,
Marta